Agogo Akayamba Kufooka: Zoyenera Kuchita Pakhomo

"Khalani pansi agogo, tichita ndife." Mawu amenewa ndi aulemu, ndipo mwana woleredwa bwino amawanena osaganizira n'komwe. Ena amabwera pambuyo pake, agogo aja akayamba kudwaladwala: "Ndi ukalamba basi, kuchipatala akatani nawo?" Onsewa amatuluka pakamwa pa anthu okonda kholo lawo. Koma zimene akatswiri apeza pofufuza za umoyo wa okalamba zikusonyeza kuti tikamawatsata kwambiri mawu amenewa, timagoneka munthu pamphasa nthawi yake isanakwane. Kabuku kano ndi ka inu amene mukusunga amayi, abambo, apongozi kapena agogo amene mphamvu zayamba kuwathera.

Kukalamba kwina, kufooka kwina

M'midzi mwathu muli nkhalamba za zaka 80 zimene zikulimabe munda ndi kupita wapansi kumaliro kutsidya kwa dambo. Mulinso a zaka 68 amene chimfine chokha chimawagoneka milungu itatu, ndipo akadzuka sabwereranso mwakale. Zaka pazokha sizifotokoza kusiyanaku. Thupi la munthu wofooka lili ngati khomo limene nkhokwe yake yatha: masiku wamba amadya ndithu, koma kukangogwa zovuta, njala yalowa. Malungo pang'ono, kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi, kuterereka pakhonde, zimene mnzake angapirire, iye zimamugwetseratu.

Mu 2001, dokotala wa ku America, Linda Fried, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu oposa 5,000 a zaka 65 kupita m'tsogolo. Anatchula zizindikiro zisanu za kufooka: kuwonda popanda chifukwa chodziwika, kutopa nthawi zonse, manja osagwira zolimba, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kungokhala osachita kanthu. Amene anali ndi zitatu kapena kuposerapo ndiwo ankagwa, kugonekedwa m'chipatala ndi kumwalira msanga kuposa anzawo. Amene anali ndi chimodzi kapena ziwiri anali panjira yopita komweko, ndipo apa ndi pamene banja lingathandize kwambiri. Vutoli si la kunja kokha. Ku Tanzania, m'boma la Hai m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, ofufuza anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo anali wofooka. Kuno ku Malawi, kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu a msinkhu umenewu alipo pafupifupi 5 mwa 100 alionse.

Bungwe la WHO linatulutsa mu 2019 njira yosavuta yopimira okalamba, ndipo zina mungazichite pakhomo. Pezani mpando wolimba, muugunditse kukhoma. Agogo akhalepo, apinde manja pachifuwa, aimirire ndi kukhalanso kasanu osagwira paliponse, inu muli pambali pawo. Ngati atenga masekondi oposa 14, kapena alephera, miyendo yafooka. Onaninso thupi: kutsika ndi makilogalamu oposa atatu m'miyezi itatu ndi chenjezo. Kopanda sikelo, lamba ndi chitenje zimanena zoona. Atchulireni mawu atatu, monga duwa, chitseko, mpunga, mucheze zina pang'ono, kenaka muwafunse ngati akuwakumbukira. Chilichonse chimene chavuta apa ndi nkhani yokanena kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala.

Miyendo ndiyo poyambira

Minofu ya munthu wokalamba imatha msanga ikasiya kugwira ntchito. Mu 2007, ofufuza a ku Arkansas ku America anagoneka pabedi anthu athanzi a zaka za m'ma 60 kwa masiku 10 okha. Podzuka, pa avareji anali atataya pafupifupi kilogalamu yathunthu ya minofu ya m'miyendo. Amenewo anali anthu osadwala, odya bwino. Nanga agogo amene adwala malungo, sakudya, ndipo tawaletsa kudzuka kwa milungu iwiri chifukwa chowamvera chisoni?

Chosangalatsa n'chakuti minofu imabwerera ngakhale pa zaka 90. Mu 1990, ku Boston, dokotala Maria Fiatarone anatenga nkhalamba 10 za zaka 86 mpaka 96, zokhala kunyumba yosungirako okalamba, n'kumazinyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa mlungu. Patatha milungu 8, mphamvu ya miyendo yawo inaposa kuwirikiza kawiri, ndipo awiri anasiya kuyendera ndodo. Mu 1994 anabwereza ndi anthu 100, n'kupeza chinthu china choyenera kuchimvetsa: amene ankangopatsidwa chakumwa chopatsa thanzi popanda kulimbitsa thupi sanawonjezere mphamvu. Ku New Zealand nako, a yunivesite ya Otago anaphunzitsa okalamba oposa 1,000 masewera ochitira kunyumba kwawo, theka la ola katatu pa mlungu, kuwonjezera kuyenda. Kugwa kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Zambiri mwa zimenezi sizilira makina. Kudzuka pampando kuja ndiwo masewera oyamba: ayambe ndi kasanu, mmawa ndi madzulo, n'kumawonjezera mpaka kakhumi. Poyamba angathe kudzikankha ndi manja, kenaka dzanja limodzi, kenaka osagwira. Ali pampando pomwepo, awongole bondo limodzi, aligwire m'mwamba pang'ono, alitsitse mosathamanga. Zikayamba kupepuka, mangani kathumba ka mchenga ka theka la kilogalamu pakakolo. Atagwira khoma kapena mtengo wa pakhonde, anyang'ame pa zala za kumapazi n'kutsika, aimenso ndi mwendo umodzi, ayende chammbali kutsata khoma. Tsiku lililonse ayende, ngakhale kukangofika kwa aneba. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu lalikulu, asiye ndipo mukanene kuchipatala. Kuwawa pang'ono kwa minofu tsiku lotsatira sikoopsa.

Agogo ambiri adzakana: "Ine ndizidumphadumpha ngati mwana wasukulu?" Musakangane nawo. Apatseni mdzukulu woti aziwerengera, kapena muzichita nawo limodzi. Koposa zonse, musawalande ntchito zawo. Kusesa pabwalo, kuthirira masamba kudimba, kupeta, kuswa mtedza, kuluka mkeka, kudyetsa nkhuku, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, zonsezi n'zolimbitsa thupi. Chowachotsera ndi ndowa yodzadza pamutu ndi mtolo wa nkhuni. Tsache asiyireni.

Malo ogwerapo

WHO imati mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse. Kwathu kuno malo oopsa ndi njira ya kuchimbudzi usiku, bafa la ndere, chiwundo cha pakhonde, ndi mphepete mwa moto. Salazani njira ya kuchimbudzi, chotsani mizu ndi miyala, ndipo tochi kapena nyali ya sola izikhala kumutu kwa pogona. M'chimbudzi ndi m'bafa zikani mtengo wolimba woti azigwira ponjuta ndi podzuka. Ngati kunjuta kwavutiratu, mmisiri angabowole mpando n'kuuika pabowo. Usiku, ndowa yokhala ndi chivundikiro m'chipinda si chamanyazi. Masilipasi otha amavuka ndi kukola. Nsapato yogwira chidendene ndiyo yabwino. Ndodo ifike pamfundo ya dzanja munthu ataima chilili manja ali pansi, ndipo aigwire mbali ya mwendo wabwino, osati wopwetekawo.

Ambiri amagwa mmawa pongodzuka, chifukwa magazi amachedwa kukwera kumutu. Azikhala kaye tsonga kamphindi, kenaka n'kuimirira atagwira chinthu. Kudzuka pamphasa ya pansi kumavuta kuposa pabedi, choncho ngati mungathe kukweza pogona pawo kufika m'mawondo, mwawathandiza kwambiri.

Akagwa n'kulephera kuimirira, makamaka mwendo ukaoneka wafupika ndipo phazi lapenya kunja, mwina fupa la m'chiuno lathyoka. Musakoke, musathowe, musadikire kuti tione mawa. Anyamuleni atagona pa chinthu cholimba mupite nawo kuchipatala cha boma.

Mbale ya agogo

Pakhomo pa ana ambiri, agogo amadya motsalira. Mano atha, nsima amatafuna mochedwa, ndiye pamene akutema mbamu yachitatu ndiwo zatha kale m'mbale. Ena amasiyira dala adzukulu n'kumati akhuta. Apatseni mbale yawoyawo, koma adyere pamodzi ndi banja, chifukwa munthu wodya yekha amadya pang'ono.

Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, okalamba amaperewera kwambiri zanyemba ndi zochokera ku nyama, zomwe ndizo zimamanga minofu. Akatswiri amati wokalamba amafunika zomanga thupi zochulukirapo kuposa wachinyamata wolemera mofanana naye. Nsima ndi msuzi wa masamba sizikwanira. Phala la mgaiwa lizikhala ndi nsinjiro, ufa wa soya kapena dzira lomenyeramo. Usipa, matemba kapena bonya mungasinje n'kuthira m'ndiwo. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ziphikidwe mpaka kuphwanyika, kapena muchite chipere. Futali, chiponde, chambiko, nthochi, papaya ndi mapeyala sizilira mano. Kudya pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku kumaposa mbale yaikulu imodzi. Amene anauzidwa kuti ali ndi vuto la impso afunse kaye adokotala za zakudyazi. Mchere uchepe, makamaka kwa a BP. Kachasu amalanda chilakolako cha chakudya ndipo amagwetsa.

Madzi nawo: ukalamba umachepetsa ludzu, ndipo ambiri amadzimana dala poopa ulendo wa kuchimbudzi usiku. Azimwa kwambiri mmawa ndi masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Mkodzo wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi achepa. Akatsegula m'mimba, Thanzi ORS ndi wa akulu omwe, si wa ana okha.

Munthu amene akuwondabe ngakhale akudya akapimidwe chifuwa chachikulu, shuga, HIV ndi khansa. Timachita manyazi kuyezetsa makolo HIV, koma kachilombo sikaona imvi, ndipo mankhwala amagwira ntchito pa msinkhu uliwonse.

Mankhwala ochuluka

Kafukufuku wa m'maiko ambiri wasonyeza kuti wokalamba womwa mitundu isanu ya mankhwala kapena kuposerapo amakhala pa chiopsezo chachikulu cha kugwa ndi kusokonezeka mutu. Kwathu, ena amachokera kuchipatala, ena kugolosale, ena kwa mwana wa ku Johannesburg, ena kwa asing'anga, ndipo palibe amene akudziwa onse pamodzi. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene agogo amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha nyamakazi, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Panado womwa motsata malangizo ndi wofatsirapo. Piriton ndi mankhwala ogonetsa monga diazepam amalemeretsa mutu. Mankhwala ena a shuga, monga glibenclamide, amatsitsa shuga mopitirira munthu akawamwa osadya: amatuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka. Zikatero, ngati akutha kumeza, amwetseni madzi a shuga n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Musawasiyitse nokha mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV. Ikani onse m'jumbo imodzi, ndi azitsamba omwe, mukawaonetse adokotala n'kufunsa kuti: "Mwa awa, ofunikabe ndi ati?"

Kuchipatala mupite mutakonzeka

Mu 1935, dokotala Marjory Warren anapatsidwa odwala oposa 700 pa chipatala cha West Middlesex ku London, ambiri okalamba amene aliyense ankati sangachirenso. Iye anawapima mmodzimmodzi, n'kupeza matenda ochizika amene palibe anawafunafuna, anawadzutsa pabedi, ndipo ambiri anabwerera kwawo. Njira yakeyo, yoona munthu yense osati nthenda imodzi, yayesedwa kambiri. Mu 2017, akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 29 wokhudza anthu pafupifupi 14,000, n'kupeza kuti okalamba opimidwa mbali zonse, thupi, nzeru, mankhwala, kayendedwe ndi za kunyumba, ambiri ankatuluka m'chipatala ali moyo n'kukakhala kwawo kuposa opimidwa mwa nthawi zonse.

Kafukufukuyo anachitikira makamaka m'maiko olemera. Kwathu mzere ndi wautali ndipo adokotala ali ndi mphindi zochepa, ndiye mbali ina ya ntchitoyi yagwera inu. Agogo akalowa okha adzangoti "thupi lonse likuphwanya," n'kutuluka ndi Panado. Aperekezeni munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, atatenga buku la kuchipatala ndi jumbo ya mankhwala ija. Nenani zimene zasintha ndi pamene zinayambira: mwezi watha ankapita okha kuchigayo, pano safika kuchimbudzi, agwa kawiri, mkodzo ukuwapulumuka, chakudya akusiya theka. Pemphani kuti awayeze BP ndi shuga. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa akulu atatu alionse anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Koma yambani mwawasiya agogo alankhule okha. Kumawayankhira mafunso onse iwo ali pompo n'kuwachepetsa.

Maso ndi makutu musaiwale. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo zipatala monga Nkhoma, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zimachita zimenezi. Kusamva kwina ndi phula chabe lotseka m'khutu. Agogo amene asiya kucheza, sagona, sakondwanso ndi zimene ankakonda kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, makamaka atataya mnzawo wa banja, angakhale akudwala matenda a nkhawa ndi chisoni, omwe ali ndi chithandizo.

Mutu ukasokonezeka

Pali kusokonezeka kwa mitundu iwiri, ndipo kuisiyanitsa kumapulumutsa moyo. Kwina kumabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa: dzulo anali bwino, lero sakukuzindikirani, akuona zinthu zimene palibe, kapena angoti zii, tulo tokhatokha. Kumeneku kawirikawiri kumayamba ndi matenda a m'thupi, monga chibayo, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi, kudzimbidwa kapena mankhwala. Wokalamba akhoza kudwala chibayo thupi osatentha n'komwe. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Akagonekedwa, gadiyani ali ndi ntchito yoposa kuphika ndi kuchapa. Mu 1999, dokotala Sharon Inouye wa ku yunivesite ya Yale anayesa zinthu zazing'ono pa odwala 852 a zaka 70 kupita m'tsogolo: kuwakumbutsa tsiku ndi malo amene ali, kuwayendetsa, kuwamwetsa madzi, kuwaveka magalasi awo, kuwathandiza kugona usiku popanda mapiritsi. Osokonezeka mutu anatsika kuchoka pa 15 kufika pa 10 mwa 100 alionse. Palibe chimodzi mwa izi chimene gadiyani wa kwathu sangathe. Funsani anamwino ngati agogo akuloledwa kudzuka, ndipo akalola, akhale tsonga pakudya, ayende pang'ono m'wodi tsiku lililonse.

Kusokonezeka kwinako kumabwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Awa ndi matenda oiwalaiwala, ochokera mu ubongo. Munthu amabwereza funso limodzi, amati mwamubera ndalama zimene wabisa yekha, amatuluka usiku n'kupezeka pakhomo pa eni kapena kumanda, nthawi zina ali maliseche. Apa ndi pamene mudzi umayamba kunong'ona za ufiti. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma apolisi amafika zinthu zitaipa kale. Inu fulumirani kukauza amfumu, atsogoleri a mpingo ndi aneba kuti agogo akudwala, ndipo akawaona akuyenda okha awabweze kunyumba. Pakhomo musatsutsane nawo pa zimene aiwala. Sungani nthawi imodzimodzi ya kudya, kusamba ndi kugona, ndipo machesi, mankhwala a mbewu ndi mipeni zikhale patali.

Amene sakudzukanso

Atembenuzeni maola awiri alionse, usana ndi usiku womwe ngati mungathe. Tsiku lililonse yang'anani kumchira kwa msana, m'chiuno, zidendene ndi mapewa. Khungu likada, kutentha kapena kulimba pamalo amodzi, chilonda chayandikira: asagonerepo, ndipo musatikitepo. Zogonera zikhale zouma ndi zosakwinyika. Pindani ndi kuwongola mawondo, zigongono ndi zala mofatsa kuti zisaume. Powadyetsa akhale tsonga, ndipo asagone msanga akatha kudya, kuopa kuti chakudya chingalowe m'mapapo. M'kamwa muzitsukamo ngakhale mulibe mano.

Ululu waukulu si woti azingopirira. Zipatala za boma zili ndi chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, kuphatikizapo morphine wakumwa, ndipo malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima amagwira ntchito yomweyi. Afunseni agogo akadali ndi nzeru zawo kuti matenda akadzakula akufuna kudzakhala kuti, ndiponso ndani adzawalankhulire. Nkhaniyi timaiopa ngati kuitana imfa, koma mabanja amene sanaikambe ndiwo amakangana pakhomo pa wodi.

Ntchito yonseyi imakonda kugwera munthu mmodzi, mwana wamkazi, mtengwa kapena mdzukulu amene wasiya sukulu. Ameneyo akatopa, mawu amayamba kukhadzula ndipo manja amalemera. Khalani pansi abale, mugawane masiku, ndipo a kutauni ndi a kunja anene poyera zimene azitumiza mwezi ndi mwezi. Funsani kwa amfumu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ngati khomo lanu lingalowe mu Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 pothandiza mabanja osauka kwambiri opanda wogwira ntchito.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: kukamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufa mwadzidzidzi, lilime kulemera, kupweteka pachifuwa, kubanika, kulephera kukodza tsiku lonse, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, kusinza kwambiri pambuyo pomenyetsa mutu. Gwirizanani lero kuti zikachitika usiku muimbira ndani wa galimoto kapena wa kabaza. Nambala yake ilembedwe pachikuto cha buku la kuchipatala, ndipo ndalama ya ulendowo isungidwe padera kwa munthu amene amagona pakhomopo.